Anyezi wa a Zuze

Kwa Kanduku mukafunsa za a Paison Zuze, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani njira. Sikuti ndi munthu wanthabwala ayi. Nkhope yawo ili ngati ya munthu amene akudikirabe minibasi yomwe inadutsa kalekale. Chimene anthu amaseka ndi thumba.

A Zuze anagwira ntchito ku Zomba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anzawo amene anachoka nawo nthawi imodzi anabwerako ndi malata, njinga, wina mpaka chigayo. Iwo tsiku lobwerera anatsika pa kabaza ndi chikwama cha zovala ndi kathumba ka saka, ndipo kathumbako ndi kamene anakakumbatira pachifuwa. Akazi awo, a Taziona, anakamasula pakhonde anthu akuona. Munali mizu isanu ndi inayi, yonenepa ngati jinja, masamba ake atadulidwa. Anakhuthula, anakutumula, poganiza kuti mwina pansi pali kanthu.

"Zakudya?"

"Ayi."

"Mankhwala?"

"Maluwa, amake Tamara."

Nkhani imeneyi inafika kumsika dzuwa lisanalowe, ndipo mpaka lero sinakalambe.

A Zuze kwawo ndi kwa Nthache. Kwa Kanduku anabwera chikamwini, kutanthauza kuti munda, nkhokwe, mitengo ya manachesi ndi dothi limene nyumba yakhalapo, zonse ndi za akazi awo. Mu 1990, mwana wawo woyamba Tamara adakali kumsana, anaona kuti ganyu ndi makala sizingalere banja, ndipo ananyamuka kukafuna ntchito. Anakaipeza pamwamba pa phiri la Zomba, kunyumba ya mayi wina wachizungu amene aliyense ankangomutcha adona. Anayamba ndi kutchetcha kapinga. Chaka chachiwiri adona anaona kuti mnyamata wa ku Mwanzayu saponda paliponse ndipo sathyola zinthu, choncho anamupatsa bedi la maluwa limene sankalola munthu wina kuliyandikira.

Maluwawo dzina lake ndi ayirisi. Miyezi khumi ndi umodzi ya chaka, chomerachi sichioneka kanthu: masamba osongoka ngati mipeni, oyalana ngati zala za dzanja lotambasula, basi. Koma chisanu cha Juni ndi Julaye chikachimenya bwino, Sepitembala akamatha chimatulutsa phesi lofika m'chiuno mwa munthu, ndipo pansonga pake pamatseguka duwa loposa chibakera. Timasamba titatu timaimirira n'kukumana pamwamba, titatu timalendewera pansi ngati malilime, ndipo lilime lililonse lili ndi tindevu tachikasu pakati. Maluwa a adona anali achibakuwa chozama, chakuti m'mawa chinkaoneka ngati chakuda. A Zuze ataliona koyamba anaima ndi khasu m'manja mpaka wophika anawaitana kachitatu kuti tiyi wazizira.

Lamulo la duwali ndi limodzi, ndipo ndi lamulo limene mlimi aliyense wa ku Mwanza angalitche misala. Muzu wake saukwirira. Umagonekedwa pamwamba pa dothi, timizu tating'ono tokha n'timene timalowa pansi, msana wonse uli pamtunda kuothera dzuwa ngati buluzi. Manyowa asaukhudze, udzu usauphimbe, madzi asaimepo. Ukangoufunditsa, umaola. Adona Chichewa chawo chinali cha m'khitchini, koma mawu atatu awa anawaloweza bwino, ndipo ankawanena akugogoda pansi ndi ndodo: "Msana uone dzuwa." A Zuze anaphunzira zina zonse ndi manja. Anadziwa nthawi yodula masamba, nthawi yogawa mizu ikathinana, ndi kupaka phulusa pabala kuti lisalowe matenda. Patapita zaka khumi, adona eni akewo ankayamba afunsa kaye asanakhudze bedilo.

Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi, nthawi imene duwa kulibe. A Taziona sakanapita ku Zomba mu Sepitembala kapena Okutobala, chifukwa imeneyo ndi nthawi yososa ndi kugalauza, ndipo munda wa mkazi amene mwamuna wake ali kutauni sudzilima wokha. Choncho zaka zinkadutsa, mwamuna akulera chinthu chimene mkazi sanachionepo, mkazi akulera ana amene mwamuna ankawaona sabata ziwiri pachaka.

Mu Okutobala wa 1998, Lachinayi, dalaivala wa lole anabweretsa uthenga: Tiyamike wadwala, bwerani. Tiyamike anali mwana wawo wachiwiri, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Loweruka lake adona anali ataitana alendo kudzaona maluwa, amene chaka chimenecho anachita bwino kuposa zaka zonse. Apa ndinene poyera, chifukwa a Zuze eni akewo sabisa: palibe anawakaniza. Adona sanauzidwe n'komwe. Iwo anangoti mumtima, ndi malungo awa, ana amadwala n'kuchira, ndinyamuke Lamulungu. Loweruka anavala malaya oyera, anaima pambali pa bedi, alendo akuwagwira chanza ndi kuwafunsa chinsinsi chawo. Lamulungu madzulo anafika kwa Kanduku n'kupeza adzukulu atatsuka kale makasu.

A Taziona sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anawapatsa madzi osamba, anawalozera pamene mwana wagona, ndipo za maluwa sanafunseponso. Itatha sabata a Zuze anabwerera ku Zomba, chifukwa sanadziwe kwina kopita ndi manyazi awo, ndipo anakhalako zaka zina khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Adona atamwalira, ana awo anabwera kuchokera kunja n'kugulitsa nyumba. Mwini watsopano anayang'ana bedi la ayirisi, anaona masamba ngati a anyezi, n'kunena kuti pamenepa pathiridwe simenti, pakhale poimika galimoto. M'mawa wa tsiku limene amisiri ankabwera, a Zuze anakumba mizu isanu ndi inayi yonenepa kwambiri. Yotsalayo ili pansi pa simenti mpaka lero.

Tsiku lomwe lija la thumba, anthu atabalalika, a Zuze anachita zimene mkamwini amachita akafuna malo: anakhala pansi, anaika manja pamodzi, n'kupempha. A Taziona anali akupeta nandolo, ndipo sanasiye kupeta.

"Tengani kuseri kwa khola. Bzalani. Ndikufuna ndione chimene chinakuchedwetsani."

Kanali koyamba m'zaka zonsezo kuti atchule nkhaniyo, ndipo sanaonjezepo mawu ena. A Zuze anawatenga mawuwo ngati munthu amene wapatsidwa tsiku la mlandu. Sanali munthu wopusa. Ankadziwa kuti palibe duwa lolemera ngati mwana, ndipo sankayembekezera kukhululukidwa. Ankangofuna kuti mkazi wawo aime kamodzi kokha kutsogolo kwa phesi lija m'mawa, aone, anunkhize, adziwe kuti sunali mowa, sanali mkazi wina, chinali chinthu. Mwina akanati, "Ndaona." Mawu amodzi okhawo ndi amene a Zuze anawalimira zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka choyamba masamba anatuluka bwinobwino, ndipo Sepitembala anadutsa opanda phesi. A Zuze anati mizu ikuzolowera. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Chaka chachitatu mizu inayi inafota n'kuuma, ndipo mudzi unali utapeza kale dzina. Mlongo wake wa a Taziona, a Vincent, munthu amene sangadutse chilonda osachitosa, ankaima pa mpanda tsiku lililonse akamapita kudimba.

"Alamu, anyezi uja tidya liti? Ndiwo zikudikiratu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhonoyo inafa kale mwina, inu mukudikira chigoba."

A Zuze ankaseka nawo pang'ono, monga mkamwini amasekera nthabwala za eni mudzi, koma zinkawapweteka. Tamara, amene tsopano ndi mayi wa ana atatu ndipo amasoka zovala ku Chirimba, anamva chisoni atabwera kudzacheza. Anafufuza pafoni mpaka anapeza zithunzi, n'kupita nazo kwa amayi ake kuti nkhani ithe. A Taziona anatembenuza nkhope.

"Za m'foni ndi za eni ake. Ine ndikudikira za abambo akowa."

Vuto a Zuze ankalidziwa. Kuseri kwa khola kunkatentha, ndipo duwali popanda chisanu silibereka. Anakhalanso pansi, anaikanso manja pamodzi, n'kupempha malo ena: kumutu kwa munda, m'mwamba mwa phiri, kumene a Taziona amalima mbatata ya kachewere, kumene chiperoni chimakhala mpaka masana. A Taziona anawapatsa kachigawo ka miyala kamene sikabereka kanthu. A Zuze anasenza mchenga wa kumtsinje ndi chidebe, maulendo osawerengeka, anakweza bedi, anagoneka mizu isanu yotsalayo misana ili pamtunda, n'kutchinga ndi minga. Atamaliza anaona akazi awo ataima pamzere wa mbatata, akuyang'ana.

"Pamenepa musandigwirirepo, amake Tamara."

"Wakuuzani ndani kuti ndikufuna?"

Maphunziro onse a ayirisi amene a Taziona analandira ndi amenewo. A Zuze, munthu amene ankatha kufotokozera alendo achizungu ola lathunthu za mizu ndi phulusa, sanathe kuuza mkazi wawo mawu atatu aja a adona. Ankaopa kuti kuyamba kufotokoza za duwalo kukhala ngati kulinyadira, ndipo kulinyadira pamaso pa mayi wa Tiyamike kunali kosatheka. Anthu awiriwa ankagona nyumba imodzi, ankapemphera tchalitchi chimodzi, koma kuyankhulana anali ataiwala.

Kumtundako mizu inakondwa. Inanenepa, inaswana, inatulutsa ana m'mbali. Koma nthawi yomweyo maso a a Zuze anayamba kuchita ng'ala, loyamba lamanzere, kenako lamanja. Phiri linasanduka utsi, nkhope za anthu zinasanduka mithunzi. Ankakwera kumunda ndi ndodo, n'kugwada pabedi, n'kumazula udzu ndi zala, akusisita msana wa muzu uliwonse kuti amve ngati uli wolimba. Ankaiwerenga ndi manja. Chaka chachisanu inali itakwana khumi ndi inayi.

Chaka chimenecho chisanu chinavuta, anthu anadandaula, a Zuze okha ndi amene ankathokoza. Pakati pa Sepitembala, akusisita masamba m'mawa, zala zawo zinagunda chinthu chobulungira pakati pa masamba aphwatalala. Anachitsata ndi zala mpaka kunsonga. Linali phesi, ndipo linali ndi pakati. Sanauze munthu. Analiyeza tsiku ndi tsiku ndi thupi lawo: pabondo, pantchafu, pafupi ndi chiuno. Kunsonga kunayamba kuoneka kamzere kakuda kamene ngakhale maso awo anakaona. Anawerengera kuti kwatsala masiku anayi. Tsiku lachiwiri kunabwera kutentha kuja kumene kumachokera kuchigwa, kopanda mphepo, ndipo kunakhala sabata yathunthu. Kamutu kaja kanachita makwinya, kanauma ngati fodya, ndipo duwa linafera m'kati osatseguka.

A Zuze anakhala pamwala pambali pa bedi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanalire, anangokhala. Chakumasana anamva mapazi, ndipo chikho cha madzi chinaikidwa pafupi ndi phazi lawo. A Taziona anaima pamenepo kanthawi ndithu, akuyang'ana bedi, kenako anabwerera kukagalauza. A Zuze anaganiza kuti akuyang'ana phesi louma lija.

Komabe phesi lija linawauza kanthu: malo ndi omwewa, mizu yakhwima, chaka chamawa mapesi adzatuluka osachepera asanu. Anakonza zodzamanga kachisakasa ka udzu kotchinga dzuwa lamadzulo lokha. Chotsala chinali maso, chifukwa kungakhale kupusa kuti duwa litseguke mwini wake osaliona. Tamara anawapezera tsiku kuchipatala cha maso ku Blantyre, mu Januwale. A Zuze anakana poyamba kuti ndi pakati pa mvula, koma tsiku la chipatala sasankha munthu. Anakumba ngalande mozungulira bedi kuti madzi asaime, anasisita misana khumi ndi inayi ija umodzi umodzi, n'kunyamuka. Anati akakhala sabata imodzi.

Anakhala sabata zisanu. Adokotala anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anati ayambe amwa kaye mankhwala, kenako anachita diso limodzi, kenako anati adikire aone ngati lapola. A Zuze anakhala pakhonde pa Tamara ndi kansalu pa diso, akumva mvumbi ukugogoda malata masiku otsatizana. Ankadzilimbitsa mtima ndi ngalande ija. Mchenga umamwa madzi, bedi ndi lokwera, minga ilipo, ndipo amake Tamara sagwirapo. Zonse zimene zikanalakwika anali atazitchinga.

Tsiku lobwerera anaona Mwanza ngati mlendo. Anaona tsamba lililonse la manachesi palokha. Anaona kuti chitseko cha nyumba yawo ndi chobiriwira, osati chakuda. Anaona imvi za akazi awo, zimene sankadziwa kuti zafika pamenepo, ndipo anaonanso chinthu china chimene chinawadabwitsa kwambiri: a Taziona anali ngati munthu amene wabisa kanthu kumsana ndipo akulephera kudikira.

"Mwayenda bwanji, bambo a Tamara? Diso likuona?"

"Likuona. Ndakuonani."

"Ndiye musavule nsapato. Tiyeni kumunda mukaone."

Chikwatirane, mkaziyu anali asanawaitanepo kuti akaone kanthu. A Zuze anawatsata pambuyo m'kanjira kokwera, ngati mnyamata wopita kukafunsira. Chimanga chinali chitabandiridwa bwino, mizere itaima yakuda, yosalala. Mbatata ya kachewere chimodzimodzi. Khasu la a Taziona limadziwika mudzi wonse, sasiya muzu pamtunda. Atafika kumutu kwa munda, anachotsa chitsamba cha minga chotsekera, n'kuima pambali kuti amuna awo adutse.

Bedi kunalibe. Panali mizere iwiri yokongola, yokwera mpaka m'mawondo, yoombedwa bwino ndi kumsana kwa khasu. Pamwamba pake panali patayalidwa mapesi a chaka chatha ndi udzu, mwaukhondo, monga alangizi amaphunzitsira. Ngalande ija inali itakwiriridwa, dothi lake ndi limene linakwera pamizere. Masamba a ayirisi ankasuzumira pamwamba, theka lokha, achikasu, ena atagona.

"Tsiku lija munakhala pamwala lija ndinaona," anatero a Taziona, mawu akuthamanga ngati a mtsikana. "Mizu yonse ili pamtunda, ili maliseche. Ndinati mumtima, bambowa maso awathera, sakuona kuti mbewu yawo yavumbuka. Nanga chingabereke bwanji chinthu chosabandira? Kachewere akaonekera amabiriwira, chinangwa chimachita nkhuni. Mutangochoka ndinabandira. Manyowa ndinatenga a m'khola la mbuzi, opsa bwino, madengu asanu ndi limodzi. Masamba atayamba chikasu ndinati ndi njala, ndinaonjezera a nkhuku."

Anapuma, n'kuyang'ana mizere yawo.

"Ndinati diso latsopanolo lisadzaone masamba okhaokha."

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. A Zuze analimva asanagwade n'komwe, fungo la mbatata yoolera m'nkhuti. Anagwira tsamba limodzi, analikoka pang'ono, ndipo linabwera lonse popanda kukana, kumunsi kwake kuli kwakuda, koterera. Anakankha mapesi, analowetsa manja m'dothi. Linali lofunda. Zala zawo zinafunafuna msana wolimba umene zinauzolowera, n'kulowa mu chinthu chofewa ngati phala.

Anakumba ndi manja mizere yonse iwiri. A Taziona poyamba anafunsa kuti akutani, kenako anasiya kufunsa. Muzu uliwonse umene unatuluka a Zuze ankaudula ndi mpeni pang'onopang'ono, kufunafuna pamene pali poyera ndi polimba, monga ankachitira ku Zomba matenda akalowa. Ankadula mpaka m'manja mutatsala madzi okha. Anatero kakhumi ndi katatu. Muzu womaliza unawasiyira kachidutswa konga chala chachikulu, kooneka ngati kali ndi moyo. Anatuma akazi awo phulusa, ndipo a Taziona, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, anatsika phiri lija akuthamanga. Anakapaka phulusa, anakagoneka pamwala kuti kaone dzuwa. Tsiku lachitatu a Zuze anakasindikiza ndi chala, ndipo chala chinalowa.

Tamara anayendayenda m'malo ogulitsa mbande za maluwa ku Blantyre ndi ku Limbe, chithunzi chili pafoni. Ena ankamupatsa kakombo, ena ankati abwerenso mwezi wamawa. Wina wachilungamo anamuuza kuti maluwa amenewo anali a m'nyumba zakale za kumapiri, iye sanawaonepo. A Zuze anamuuza kuti asiye. Ngakhale akanapeza muzu umodzi, ukanafuna zaka zina zisanu, ndipo iwo ankadziwa mmene mawondo awo akumvekera pokwera phiri lija.

Masiku amenewo a Taziona sanadye bwino. Madzulo a tsiku limene kachidutswa kaja kanafewa, anapeza amuna awo atakhala pamwala womwe uja, dzuwa lisanalowe. Anakhala pansi chapatali pang'ono, miyendo atatambasula.

"Ndapha ndine?"

"Ndi mvula, amake Tamara. Chaka chino yachuluka."

"Bambo a Tamara, khasu ndinaligwira ndisanamere mano achiwiri. Mvula yagwa zaka zonsezi, sizinaole. Ndapha ndine?"

A Zuze anayang'ana manja awo.

"Safuna kukwiriridwa. Msana umayenera kuona dzuwa."

"Chomera chanji chokana dothi?"

"Ndi mmene chilili."

"Ndiye osanena bwanji? Munati ndisagwire. Simunati chifukwa."

"Ndinkaopa."

"Kuopa chiyani?"

A Taziona sanafunsenso, chifukwa onse awiri ankadziwa. Madzi akatayika saoleka. Kumunsi a Vincent ankadutsa kuchokera kudimba, anayang'ana kumtunda, anatsegula pakamwa, koma ataona mmene awiriwo akhalira anangopitirira. A Zuze anamva chisoni chimene sanachimvepo chiyambire, choposa cha tsiku la simenti. Sichinali cha mizu chokha. Mkaziyu anadikira zaka zoposa makumi awiri kuti awachitire chinthu chimodzi chachikondi, ndipo anachichita ndi luso lake lonse, madengu asanu ndi limodzi kukwera nawo phiri pamutu.

Kenako a Taziona anayankhula, maso ali kuchigwa.

"Tandiuzani ndiye. Limaoneka bwanji?"

A Zuze anakweza manja. Anayesa kukumanitsa zala zitatu pamwamba, koma zala za nkhalamba sizipinda bwino. Anati lili ndi malilime atatu, n'kuona kuti zikumveka ngati chilombo. Anati lili ndi ndevu zachikasu, ndipo anamva okha kuti akufotokoza mbuzi. Za fungo anatsegula pakamwa n'kutseka. Chinthu chimene chinawaimitsa ndi khasu m'manja mpaka tiyi kuzizira chinali chikadali m'mutu mwawo, chathunthu, chonyowa ndi mame, koma njira yochitulutsira panalibe.

"Mtundu wake?" anafunsa a Taziona, pofuna kuwathandiza.

"Chibakuwa. Chozama, chonga chakuda."

"Ngati la kalongonda?"

Duwa la kalongonda ndi kanthu kakang'ono kolendewera pansi pa masamba, kamene ana amakathyola poseweretsa. Kufanana kwake ndi ayirisi ndi kwa nkhuku ndi nkhanga. A Zuze anayang'ana mizere yofukulidwa ija, anayang'ana imvi za akazi awo, ndipo mphamvu yotsutsa inawathera.

"Eya. Ngati la kalongonda."

A Taziona anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anayankhula mofatsa, ngati munthu amene wamva yankho la funso limene linamusowetsa tulo zaka zambiri, n'kupeza kuti yankholo ndi laling'ono.

"Ndiye mukanangobwera Lachinayi lomwe lija, bambo a Tamara. Kalongonda timalima chaka ndi chaka, kuseri kwa nkhokwe."

Anadzuka, anakutumula chitenje, anatola khasu lawo n'kuyamba kutsika.

A Zuze alipobe kwa Kanduku. Diso lachiwiri anakana kukachititsa, amati limodzi likukwana pa zimene zatsala kuona. Kachigawo ka miyala kaja a Taziona sanabzalepo kanthu, ndipo minga yotchinga ija amaikonzabe ikagwa, ngakhale m'katimo muli udzu wokhawokha. Chisanu cha Juni chikafika a Zuze amakwera phiri ndi ndodo, amakhala pamwala, n'kumanena okha kuti chaka chino kwazizira bwino. Mukawafunsa za anyezi wawo sakwiya. Amakweza manja, amayesa kukumanitsa zala zitatu pamwamba, kenako amawatsitsa n'kukufunsani kumene mwachokera.